Mubwerenso Lachinayi

Anandilembera m'kabuku kachikasu kaja
kuti ndachira.
Zilembo zake n'zopendekeka, koma mawuwo ndi omwewo.
Chifuwa changa chokha sichidziwa kuwerenga.

Miyezi itatu chichokereni pa bedi la pazenera lija,
chitunda cha ku Sadzi chatalika.
Kale ndinkachikwera ndi beseni la mandasi pamutu
uku ndikukangana ndi Nasibeko za ngongole ya mafuta.
Lero ndimaima pa mjigo,
ndimaimanso pa mango a kwa a Mkwanda,
kunamizira kumanga chitenje.

Mphuno nayo inachoka osatsanzika.
Dzana mandasi anapserera ndili pomwepo,
mpaka Mwandida anathamanga kuchokera kuseri:
"Amayi, simukumva?"
Utsi ndinauona. Fungo ayi.

Lachinayi ndimalawira nkhungu isanavundukule phiri,
kukagwira malo pa benchi ku chipatala chachikulu.
Tinazolowerana, ife amene matenda anatisiyira mchira:
bambo wa kabaza wa ku Chinamwali amene anagulitsa njinga,
mphunzitsi amene mpweya umamuthera pakati pa chiganizo,
ndi mtsikana wina wa ku koleji,
amafika pakhomo n'kuiwala chimene wadzera.
Mayina sitifunsana.
Timangoti, usiku munagonako?

Anamwino amandipana chala ndi kachipangizo kophethira,
nambala n'kukwera, n'kutsika.
Adokotala, mwana wa dzulodzuloli,
amandiika kachitsulo kozizira pamsana:
"Kokani mpweya. Kachiwiri."
Amamvetsera nthawi yaitali
ngati wogogoda pa nyumba yozima nyale.
"M'mapapo muli bwino, mayi. Zimatenga nthawi.
Mubwerenso Lachinayi."
Nthawi yake yotalika bwanji, sanena.
Sindiwada. Nawonso akuphunzirira pa ine.

Kunyumba amati ndi ulesi wolowera pa matenda.
Alamu akuti ndipite kwa uje ku Jali akandione.
Ine ndimangowerenga popumira:
kuchoka pa geti kufika pa mlatho wa Likangala
sabata yatha ndinaima katatu,
lero kawiri.

Ndiye pa Mpondabwino, podutsa pa anyamata a chiwaya,
kanthu kanandikanda m'mphuno, pang'ono chabe,
ngati anyezi, ngati ayi.
Ndinaima pakati pa msewu, njinga zikundiimbira mabelu,
ndikununkhiza m'mwamba ngati galu wosokera.
Kanapita.

Ndakalemba kuchikuto kwa kabuku
ndi pensulo ya Mwandida,
kuti Lachinayi ndisakaiwale kuwauza.