Loboti Yathu Imakhotera Kumanzere

Fomu inabwera ndi masamba asanu ndi awiri.
Ndinaidzaza pa foni, nditakhala pakhonde la sitolo ya a Mdoka,
pokhapo pomwe netiweki imagwira bwino ku Namwera,
bando ikusungunuka ngati mchere m'madzi.

Funso lachitatu: kodi sukulu yanu ili ndi labu?
Ndinalemba kuti ilipo.
Ndi chipinda chomwe timasungamo makasu
ndi madesiki othyoka miyendo,
koma zenera lake limalowetsa kuwala kokwanira.
Funso lachisanu: ana angati ali ndi chidwi?
Ndinawerenga osuzumira m'mimba mwa wailesi zakufa,
opinda mawaya n'kukhala galimoto ya chiwongolero,
nditafika makumi atatu ndinaleka.

Miyezi inayi, zii.
Ahedi anasiya kundifunsa, nane ndinasiya kuyang'ana.
Kenaka Lachiwiri lina, choko chili m'manja,
foni inanjenjemera m'thumba.

Papepala ndalamazo zinali zonenepa.
Pofika nazo ku Limbe zinali zitaonda,
mitengo itakwera kawiri chilembereni fomu ija.
Mamota awiri omwe tinawerengera
anasanduka imodzi ndi chenji cha basi.

Inayo anabwera nayo Saujiya wa Fomu 2
ataikulunga pansonga ya mpango,
yozula mu pulinta yakufa ya amalume ake.
Ndi mwana uja anzake amati salankhula.
Ndinamuona akuwotcherera waya,
lilime lili panja pang'ono, utsi ukumulowa m'maso,
akuuza Twaibu, mnyamata wandevu kale,
kuti gwira apa, osati apo.
Ndipo Twaibu anagwira.

Batire tinkatchaja pa sola ya a Jafali ometa tsitsi.
Anakana ndalama. Anati mudzandiitane tsiku idzayende.

Inayenda Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti.
A Jafali anabwera ndi lumo m'manja,
wometedwa akuwatsata mutu uli theka.
Inayenda mapazi atatu,
n'kukhotera kumanzere,
n'kukagunda ndowa, go!
Mota yogula ndi mota yotola sizinamvane liwiro,
ng'ombe ndi bulu pagoli limodzi.

Ine mphunzitsi ndinati tidikire thandizo lina.
Saujiya anati ayi sala,
tiuze mwendo wamphamvuwo udikire mnzake.
Masiku asanu ndi anayi pa laputopu yobwereka,
yosowa batani la E,
akutsitsa nambala, kuyesa, kutsitsanso,
mpaka inatsata mzere wa choko
kuchokera pakhomo kukafika pa makasu.
Palibe anakuwa. Tinangoyang'anana.

Tsiku la mpikisano tinatsika phiri la Chowe pa minibasi,
loboti ili m'katoni ya sopo pamiyendo pa Twaibu.
Kondakitala anafuna kuilipiritsa ngati nkhuku.
Titawoloka mlatho wa Shire, mu holo ya pa Boma
tinapeza za anzathu zonyezimira,
matayala ofanana, mawaya obisika,
yathu ili ndi zigamba za tepi ndi chivindikiro cha botolo.
Woweruza wina anagwada n'kufunsa kuti mota iyi n'njakuti.
Saujiya anayankha kwa mphindi zisanu osapuma,
ine ndili kumbuyo, ndikumva mawu ake koyamba chonchi.

Tinakhala achisanu ndi chimodzi mwa asanu ndi anayi.

Tsopano kwabwera fomu ina, ya lipoti.
Ikufuna malisiti, ndawamata onse,
ngakhale ya mabanzi a pa Chiponde.
Ikufunsa: mwapindulanji? Mizere iwiri yokha.
Ndalemba ndi kufufuta katatu.
Ndingaikemo bwanji mwana wa Fomu 1
amene dzulo wandibweretsera fani yakufa ya agogo ake
osanena kanthu, n'kungoiika patebulo?

M'chipinda cha makasu muli phokoso mpaka dzuwa kupendeka.
Batire ikayamba kufooka
lobotiyo imakumbukira chibadwa chake,
imakhoteranso kumanzere pang'onopang'ono,
ndipo pamakhala dzanja la wina, nthawi zonse,
likuidikira kumeneko.