Kwa Kanthawi

Magetsi abwera cha m'ma folo m'bandakucha,
ndiye ndadzuka nawo limodzi.
Kunja chiperoni chameza Chambe yense,
thirakitala ya ku esiteti yadutsa pa Chitakale
itanyamula othyola tiyi ovala mapepala apulasitiki, onse ali chete.
Ine tiyi wanga ndi wopanda mkaka,
laputopu pamiyendo ngati mwana wodwala chifuwa.

Ndimasamala webusaiti ya anyamata operekeza alendo kuphiri.
Malipiro ake musafunse.

Lachiwiri ndinaikamo pulagini,
kanthu kosadya, kosapempha alawansi.
Kamayenda usiku wonse khomo ndi khomo
kugogoda linki iliyonse: odi! odi kuno!
Pomwe sipayankhidwa kamalemba ndi inki yofiira.
Lero kandibweretsera makomo makumi atatu ndi asanu ndi awiri,
onse yankho limodzi:
folo ziro folo, eni ake kulibe.

Ambiri savuta.
Mitengo yogonera ku Lichenya ya chaka chatha
ndailozera ku mitengo ya chaka chino, alendo adandaule okha.
Chithunzi cha Dziwe la Nkhalamba
chimene Dizimasi anasintha dzina osauza munthu
ndachipeza chikubisala mufoda yolakwika.
Wosema mabokosi a mkungudza uja anatseka kalekale,
linki yake ndazula ngati chisoso.

Ntchitoyi ndi ya mnyamata woima pa mlatho wokokoloka
ndi kansanza kofiira m'manja,
kuuza a kabaza: kuno njira yatha, dzerani kumtunda.
Sumanga mlatho.
Umangoonetsetsa kuti munthu asafike pamphepete
n'kuima yekha, akuyang'ana madzi.

Mzere womaliza ndi wa bambo Namakhwa.

Zaka makumi awiri ndi zitatu akukwera Sapitwa,
patapata kuphazi, chikwama cha mzungu kumsana,
akudziwa mwala uliwonse woterera ndi dzina lake.
Phirilo silinawatenge.
Anawatenga ndi madzi a usiku uja, ali m'nyumba mwawo momwe,
ndipo takumba matope masabata atatu osawapeza.
Chaka chitatha, wapampando anati tsamba lawo lichoke,
alendo akumafunsa munthu amene sitingawapatse.
Ndinalichotsa ndine, ndi chala ichi.

Koma pulagini sidziwa manyazi, imawerenga zonse.
Ikuti pakhomopo pagogodedwa kakhumi ndi kasanu ndi kanayi
miyezi iwiri yapitayi.
Foni imodzimodzi, yaing'ono.
Lachinayi ndi Lamlungu, dzuwa litalowa.
Sindifunika wondiuza kuti amenewo ndi masiku
amene Velentina amabwera kumsika wa nanazi
ndi katsalidwe kogulira bandulo ya mahandiredi awiri.
Patsambalo ndi pomwe panali chithunzi chokhacho
cha bambo ake akuseka,
mano onse panja, mitambo ili pansi pa mapazi awo.

Kakhumi ndi kasanu ndi kanayi
mwana wagogoda kwa bambo ake,
makina n'kumuyankha m'Chingerezi kuti sanapezeke.
Ngati kuti sakudziwa.

Chithunzicho ndachifukula m'zosungidwa zakale.
Ndachiika pa tsamba la nsonga za phiri, pamwamba penipeni,
popanda mtengo, popanda nambala yoimbira.
Tsopano ndiloze njira yakale kumeneko.

Apa pulagini ikundifunsa funso
limene abusa sanayerekeze kufunsa pamaliro opanda bokosi aja.
Kusamuka kumeneku n'kotani?
Firii ziro wani: kwamuyaya.
Firii ziro thuu: kwa kanthawi.

Amene anandiphunzitsa ku Blantyre anati nthawi zonse sankha kwamuyaya,
makina ofufuzira amakonda zinthu zotsimikizika.
Tiyi wazizira.
Tambala wa kwa aneba walira kachiwiri.
Nkhungu yang'ambika pang'ono
ndipo phewa la Chambe laoneka, lonyowa, lakuda.

Ndasankha kwa kanthawi.

Mzere wofiira wasanduka wobiriwira.
Lero ndi Lachitatu.
Mawa madzulo ndizimitsa wailesi msanga,
ndikhale pano, ndione nambala ikusuntha.