Mpweya Wokakamiza

Ku Skellefteå dzuwa limalowa khofi wa masana asanazizire.
Ine ndi mlongo wanga Torvald tili m'galaja,
taweramira Volvo ya bambo,
yomwe anagula chaka chimene ndinabadwa.

Zaka makumi anayi injiniyi yapuma ndi mapapo akeake,
mosafulumira, ngati munthu wopita ku tchalitchi.
Ife tinaimangirira tebo,
kankhono kachitsulo kodya utsi wa ekizozi
n'kumalavulira mphepo kukhosi kwa mapisitoni.

Titailiza inaimba mluzu.
Torvald anaseka mpaka sipanala kugwera m'beseni la oyilo.

Pa msewu wa ku Boliden, chipale chofewa uku ndi uku,
giya yachitatu inaluma kamodzi kokha,
kenako khotcho!
mano onse kuyoyokera m'giyabokosi.
Kilatchi inanunkha ngati tsitsi lopsa.
Tinakankha, nsidze zitauma gwa.

"Mwapatsa nkhalamba chifuwa cha mnyamata,"
anatero bambo, kachubu ka okosijeni kali m'mphuno,
"koma mawondo mwaiwala."
Anafuna kuseka, chifuwa chinawatsamwitsa.

Febuluwale yense tinagona chagada pansi pa galimoto.
Giyabokosi ya ku sikirapu ku Umeå,
shafuti yonenepa, difu yatsopano,
mabawuti okana dzenje lawo,
zala zanga zong'ambika, zakuda bii.

Usiku uja tinaiimika pansi pa windo lawo.
Ndinaponda moto.
Anatsegula, chisanu chonsecho,
n'kutchera khutu, maso ali chitsinzinire.
Kumbuyo kwawo, pafupi ndi bedi,
kamakina kaja kakupopabe,
fuu, fuu.