Galimoto Yachiwiri

Malipiro a Disembala akuti abwera Januwale.
Anatiuza tili pamzere, nsapato zowala, matumba ali pululu,
ndipo tinachita sawatcha monga mwa masiku onse.

Ndiye usiku, m'kanyumba ka pageti ku Kabulonga,
jenereta ya bwana ikung'ung'udza kuseri,
ine ndinatsegula fakitale.
Waya wotsala pampanda, pulayala yobwereka kwa Gelesomu,
zitsekerero za mabotolo zotola kuseri kwa bala,
mphira wa chubu cha njinga wong'amba ngati luzi.

Zelipa, mkazi wanga, chikwama chopita nacho ku Soweto:
thumba la ufa ndalitembenuza, dzina la chigayo libisale,
zogwirira ndadula lamba wakale wa yunifolomu.
Singano inandibaya kasanu.
Kadontho kofiira pakona paja ndidzamuuza kuti ndi duwa.

Tisaine akuti wakula, zidole safunanso.
Iye buku: mapepala osalemba a m'kaundula wa alendo,
chikuto cha katoni ya sopo, pamwamba kansalu ka chitenje
kamene telala wa ku Kamwala anandiponyera osandiyang'ana.
Azilembamo zimene amatibisira.

Apongozi ku Chawama ndawapindira chogwirira mbaula,
asiye kunyamula moto ndi mpango.

Koma galimoto ya Limbikani inandidyera mausiku anayi.
Minibasi yeniyeni, mipando mizere itatu,
chitseko chotseguka ndi kutsekeka,
kondakitala wa waya atapendekera kunja,
dzanja m'mwamba: Tauni! Tauni!
Chiwongolero chofika m'chiuno mwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndinamuyeza ali mtulo, ndi chingwe cha nsapato.

Kutatsala masiku awiri, ndikuikulunga m'nyuzipepala,
kamwana ka bwana kanaiona.
Kali ndi galimoto za batire zodzaza chipinda,
koma kanadzigwetsa pasimenti, kukuwa ngati kalumidwa ndi mavu.
Bwana anatuluka, thaulo lili m'khosi.
"Zingati?"
Ndinati si yogulitsa.
Anatulutsa mapepala awiri osapindika, onunkhira banki.
Nkhuku inalira m'mutu mwanga.
Mpunga, botolo la saladi, mabanzi.
Pakamwa pankanenabe kuti ayi
dzanja litalandira kalekale.

Usiku wotsiriza kunagwa mvula yosamva,
waya nkuti utatha.
Ndinawongola hang'ala ya yunifolomu,
tochi ya foni ndaluma ndi mano.
Mipando ayi. Kondakitala ayi.
Matayala atatu a zitsekerero,
lachinayi chivindikiro cha polishi, chachikulu kuposa anzake.
Nditaiyesa pansi inadzandira
ngati munthu wochokera kokachasu.

Kutacha ndinayenda wapansi mpaka ku Mtendere,
matope m'akakolo, katundu kumsana,
ndikusula mawu opepesa
amene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi angawamve.
Sindinapeze ndi limodzi lomwe.

Limbikani anaitembenuza chagada,
kuisuzumira kunsi ngati makaniko,
kenako uyo, nayo mumsewu wathu wa maenje,
ikutsimphina, ikugwedera, ikuwaza madzi akuda.
"Atate, iyi ndi yeniyeni!
Ikudumpha ngati ya a Sakala!"
Anzake atatu ali kale pambuyo, akupempha ulendo umodzi.

Nkhuku ikuwira.
Tisaine wakhala kuseri kwa chitseko, akulemba, watiphimbira ndi chigongono.
Zelipa wayang'ana duwa lofiira lija,
wayang'ana chala changa,
ndipo wapachika chikwama pamsomali wa kalendala,
pamene alendo amayamba kuona akalowa.

Mawa ndibwerera pageti.
Ndikudziwa ndikaipeza yoyamba ija
itagona cham'mbali pakapinga wonyowa,
mwini wake ataiiwala kale,
kondakitala dzanja likadali m'mwamba,
akuitanira anthu a ku tauni
pabwalo pamene aliyense ali ndi galimoto yake.