Batani Lonenera Odi

Mkonzi akufuna nambala pofika Lachisanu.
"Jurema, ndime zisanu basi,
kenako malikisi pa khumi."
Ndiye uno ndi usiku wachitatu,
khofi wazizira, zala zachita dzanzi,
ndikukwera phiri lakwathu
ndi miyendo ya msilikali wachilendo.

Opanga gemuyi anabwera chaka chatha
ndi makamera, atavala nsapato zoyera mbee.
Anatola Rio yense wakumtunda kuno:
masitepe athu otsetsereka,
mawaya opotana ngati matumbo a nkhuku,
mathanki abuluu pamadenga,
ngakhale mng'alu wa pakhoma la a Valdeci
uja umaloza kunyanja ngati chala.
Luso lilipo, ndisaname.
Dzuwa lawo likamalowa pagalasi
ndimaiwala kuphethira.

Koma ndafika pakhomo pa azakhali a Ivonete,
chitseko chobiriwira chomwechija,
ndadina batani. Zii.
Ndadinanso.
Pali batani lowombera, batani lonyonyomala,
lina loponyera bomba, lina lodumphira mpanda.
Batani lonenera odi palibe.
Ndasuzumira pazenera: mdima wopaka.
Amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere;
muno ngakhale nyerere mulibe.
Mulibe makina osokera,
mulibe nyemba zakuda zobwata pachitofu,
mulibe chifuwa cha amalume cha m'bandakucha.

Anthu alimo, ngati tingawatchule anthu.
Amuna okhaokha, nkhope zitatu
zobwerezabwereza ngati ndalama zachitsulo,
aliyense ndi mfuti, aliyense akukuwa
Chipwitikizi chophunzirira m'ndege.
Mmodzi ali ndi mphuno ya mlongo wanga Edmilson,
amene amadzuka usiku kukaphika buledi.
Ndamupha kokwana makumi anayi ndi kasanu.
Amagwa mofanana nthawi zonse,
dzanja lamanzere poyamba,
ndipo kabelu kamalira kundiyamikira.

Chondivuta kulemba n'chakuti gemuyi imakoma.
Chala changa chachikulu sichidziwa manyazi.
Chimathamanga chokha, chimasangalala,
mutu ukubwera m'mbuyo ndi mafunso ake
ngati nkhalamba yosiyidwa ndi basi.

Cauã, mwana wa Edmilson, zaka khumi ndi chimodzi,
walanda chowongolera.
"Azakhali, musamaime, mufa!"
Iye sasochera. Njira zachidule akuzidziwa,
ndi zomwe amadzera popita kusukulu.
Wakhota pa shopu yometera, wakwera padenga
pomwe amaulutsira kaiti Lamlungu,
wagwetsa asanu osapuma.
"Taonani, tili mu gemu!
Ana a ku Japan akuona khonde lathu!"
Maso ake ali ngwee.
Ndimuuze chiyani?
Kuti kuonedwa ndi kulozedwa mfuti
nthawi zina zimalowera pabowo limodzi?
Ndangomufunsa ngati wadya.

Wapita kukagona. Ndatsala ndi msilikali wanga.
Ndamuimika pakati pa kanjira, osadina kanthu,
kuti ndione chimene dziko lino limachita
munthu akaleka kuwombera.
Galu yemweyo wadutsa katatu.
Malaya amodzi pachingwe akugwedezeka
popanda wowachapa, popanda wodzawanula.
Kenako Edmilson watulukira pakona
n'kundiwombera pachifuwa.
Mwina ndi chilungamo chokhacho chimene anaikamo.

Ndalemba: zithunzi n'zokongola.
Ndafufuta.
Ndalemba: anayeza khoma lililonse
koma sanafunse dzina la munthu.
Mkonzi adzati ndale zachuluka,
owerenga akufuna kudziwa ngati mfuti zikulira bwino.
Zikulira bwino, bwana.
Ife timadziwa kusiyanitsa.

Kunja kwayamba kuyera.
Njinga yamoto ya a Valdeci yatsokomola kawiri.
Kutsidya, chitseko chobiriwira chalira pamahinjesi,
azakhali atulutsa mutu, tsitsi lili nyankhalala,
akukalipira mphaka wa eni ake.
Kabokosi ka malikisi kadakali kopanda kanthu.
Ndavala masilipasi.
Ndikukapempha shuga,
ngakhale shuga ndili naye.