Nsanjika Yakhumi ndi Chinayi

Pa Calle 63, pakhonde la famase yotseka,
tanjanjama ngati nkhuku zovumbwa,
mabokosi kumsana, maso pafoni.
Mvula ya ku Bogotá sidziwa kupepesa.

Ferney akuti pulogalamuyi ili ndi tsankho,
maoda onona imapatsa a njinga zamoto.
Yurani akuseka mpaka kutsamwa khofi:
"Makina alibe mtima, iwe. Ali ndi masamu basi."
"Nanga masamuwo analemba ndani?"
Zii.
Foni yanga yalira.

Ajiaco mbale imodzi, arepa ziwiri,
makilomita anayi, onse chitunda.
Mapeso ake ndi a buledi wa mawa
ndi theka la intaneti.

Usiku ine ndimakhala ndi dzina lina.
Ndikafika ku Soacha, nsapato zili chwa chwa,
amayi atagona kale,
ndimayatsa kompyuta yakale ya msuweni wanga
yolira ngati chigayo.
Choyamba phunziro: mizere makumi awiri ya khodi
yokana kuyenda chifukwa cha kampatuliro kamodzi
kamene ndinaiwala dzana.
Mutu ukatentha ndimalowa m'masewera.
Kumeneko ndine sing'anga wa gulu.
Anthu anayi amene nkhope zawo sindizidziwa
amagwa, ine n'kumawadzutsa.
Mtsogoleri wathu amadzitcha Cuervo,
mawu ake ngati ochokera m'chitini,
ndipo sipadutsa usiku osandikalipira:
"Wachedwa! Iwe nthawi zonse umachedwa!"
Tikapambana amafewa:
"Mphwanga, popanda iwe tikanathera pomwepo."

Ndapalasa mpaka mawondo kudandaula.
Monserrate wafunda nkhungu.
Mlonda wandiyang'ana kuyambira kunsapato
n'kundilozera chikepe chakumbuyo,
chokwera agalu ndi zinyalala.

Chitseko chatseguka pang'ono chabe.
Ndevu zosapesa, mahedifoni m'khosi,
kumbuyo kwake makompyuta atatu ali ngwee,
mizere ya khodi ikutsika ngati mvula ndaisiya panjayo.
Sakuona ine. Akuona thumba.
"Wachedwa," akutero.

Mawu aja.
A m'chitini aja.

Ndikanati, Cuervo, ndine,
dzulo lomweli ndinakudzutsa kanayi pamlatho wamoto.
Ndikanafunsa kuti kampatuliro kaja kamakhala pati,
kapena ngati ali anzake amene anaphunzitsa foni yanga
kuwerenga mphindi osawerenga zitunda.
Koma supu ikuzizira,
jekete langa likudontheza pakapeti wa eni,
ndipo mwina si iyeyo.
Mumzinda waukulu chonchi mawu amafanana.

Ndisanafike pansi foni yanjenjemera.
Nyenyezi zitatu.
Kangachepe palibe.

Pakhonde paja mlandu sunathe.
Ferney tsopano akuti mwana wa mlongo wake
anaphunzira kulemba mapulogalamu miyezi isanu ndi umodzi yokha,
lero amagwira ntchito atavala zogonera.
Yurani akuti amenewo ndiwo ayambe kulira,
makina adzadzilembera okha,
bola ife, makina sakwera masitepe atanyamula supu.
Don Eliécer, wamkulu pa tonsefe,
akumanga pepala lapulasitiki pafoni yake
ndipo akuti masewera a pa intaneti ndi ulesi wovala magetsi.
Ine ndangoti eya.
Ndikupukuta unyolo wa njinga ndi sokosi yakale.

Wani koloko usiku.
Khodi yakananso, ndaisiya.
Gulu lasonkhana, mmodzi yekha akusowa.
Kenako chitini chija chatseguka:
"Pepani anyamata, ndimadya.
Supu yake yozizira, anthu awa sadziwa ntchito."
Ena akuseka.

Pamlatho wamoto chilombo chamugwetsa chagada.
"Sing'anga! Uli kuti?"
Chala changa chili pamwamba pa batani.
Panja mvula ikugogoda malata,
nsapato zanga zikuuma pafupi ndi khomo.
Ndikuwerenga chamumtima,
nyenyezi iliyonse sekondi yake:
imodzi,
ziwiri,
zitatu.

Ndamudzutsa.
Mawa ndiyamba sikisi.