Nkhungudzu za Pageti ku Kanengo

Ndine mlonda pa nyumba yosungiramo feteleza ku Kanengo.
Ndimalowa dzuwa likamatsamira nkhokwe zazitali zija,
ndimaweruka likungosuzumira.
Ine ndi dzuwa ndi anthu ongopatsana moni pachipata.

Mvula yoyamba itagwa
ndinakwirira nkhungudzu zisanu m'munsi mwa mpanda wa waya,
pansi pa getsi lalikulu
limene bwana anaikitsa akuba atathyola loko.
Getsi losaphethira.
Usiku wonse pamalopo pali mbee,
ngakhale singano ukhoza kutola.

Zinamera, zinayanga waya mpaka pamwamba,
masamba ngati zikhatho, ali biriwiri.
Oyendetsa mathiraki ankatsitsa galasi
n'kufunsa kuti ndaba matumba angati.
Epulo anadutsa. Meyi anadutsa.
Duwa ndi limodzi lomwe ayi.

Kunyumba ku Mgona nkhani inali ina.
Mpiru umene Filesi anafesa m'beseni lobooka,
kuseri kwa khoma la alandilodi
kumene dzuwa limangocheza ola limodzi,
unatalika makosi, woyezuka ngati wochira malungo,
tsinde lililonse litapendekera kumpata
wa pakati pa bafa ndi khoma,
ngati ana oonera kanema pazenera la eni.

Ndaziona, mwana wanga wa folomu thu, anatembenuza beseni.
Patatha masiku atatu
makosi onse anali atabwerera komwe kuja.
"Tsamba limaphika ndi dzuwa, adadi," anatero,
"apa moto ukuchepa."
Ndinati, nanga zanga za kuntchito,
zophika usana ndi usiku,
bwanji sizibala?
Anatsegula kope, anatseka.
Anati pamenepo aphunzitsi sanafikepo.

Mu Juni getsi lija linapsa.
Bwana anali ku Joni, wosayinira lina panalibe.
Masabata asanu ndinalonda ndi tochi ndi chibonga,
mantha ali pakhosi,
galu akauwa ku njanji ine ndadzambatuka.
Koma ndinaonanso nyenyezi
zimene ndinazisiya ku Nambuma ndili mnyamata.
Kani zinanditsatira m'tauni muno osandiuza.

M'mawa wina, zala zitauma ndi chisanu,
ndinamva njuchi ndisanaone kanthu.
Pawaya ponse timaluwa toyera,
tina tikuphukira kumene.
Ndinaima ndi makiyi m'manja
mpaka mnzanga wa masana anandigwedeza phewa.

Kani mbewu nayo imafuna mdima wake wathunthu.
Imayeza usiku ngati telala,
ikaona kuti watalika
imadziwa kuti nthawi yobala yakwana.
Ife tinaibisira kalendala
n'kumaiimba mlandu wa ulesi.

Tsiku limenelo nditafika kunyumba
ndinanyamula beseni la Filesi
n'kulikweza padenga la bafa, n'kulitchinjiriza ndi njerwa.
Kenako ndinakhoma bulangete lakale pazenera,
ndinagona tulo tomwe ndinali nditaiwala kukoma kwake,
osamva ngakhale wogulitsa makala.

Bwana wabwera dzana.
Getsi latsopano ndi lowala kuposa loyamba,
ndipo ndine amene ndinagwirira makwerero.
Koma zitheba zinali zitakhwima kale.
Ndathyola zodzaza chipewa,
zina ndasiya ziume zikhale mbewu.
Chaka chino ndikazidzala kuseri kwa shedi,
kumene getsi silifika,
kumene ine ndimaopa kuyendako usiku.